Kafukufuku wa sosholoje asamathere mu kabati, tiyeni tiphunzitsane katumizidwe kake

Akonzi,

Ndilolereni kadanga mu nyuzipepala yanuyi ndinenepo za nkhani imene ambiri amaiona ngati ya anthu a ku yunivesite okhaokha, koma ine ndimaona kuti ndi ya tonse chifukwa kafukufuku wa sosholoje, maphunziro a mmene anthu amakhalira pamodzi, amachitika pa anthu ndipo anthu akewo ndi ife tomwe. Ndikunena za kakonzedwe ndi katumizidwe ka mapepala a kafukufuku ku majenolo a sosholoje, magazini a akatswiri amene amasindikiza zotsatira za kafukufuku. Zimandiwawa kwambiri kuona munthu wamaliza masitazi kapena PhD, anayenda dzuwa likuswa mtengo kucheza ndi anthu, anthuwo anasiya ntchito zawo nkumufotokozera za moyo wawo zina zoti sanauzepo ngakhale m'bale wawo, kenako zonsezo zakathera mu kabati ya ku laibulale fumbi lili mbuu, wowerenga palibe. Ena amayesa kutumiza kamodzi, akakanidwa basi amagwa ulesi mpaka kalekale. Ena nde amagwa m'manja mwa akathyali amene amasindikiza chilichonse bola walipira. Ndipo ukaonetsetsa vuto si mutu ayi, anthuwa ndi anzeru ndithu, vuto ndi loti palibe amene anawakhazika pansi nkuwauza mmene zimayendera.

Chinthu chachikulu chimene ndikufuna aliyense amve ndi chakuti thesis, buku limene munthu amalemba pomaliza masitazi kapena PhD, si pepala la mu jenolo. Thesis umalembera aphunzitsi ochepa amene akufuna aone ngati unawerenga mokwanira ndiponso ngati kafukufuku umamutha, nchifukwa chake mumadzaza mabuku onse amene unakumana nawo, mbiri ya dera, mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi, chilichonse. Pepala la mu jenolo ndi lina, limanyamula mfundo imodzi basi, ndipo wowerenga wake alibe nawe chibale, sakudziwa, sakukupatsa malikesi, akungofuna adziwe kuti atawerenga masamba akowa aphunzirapo chiyani chimene samachidziwa dzulo. Nde munthu akatenga chapitala chachinayi cha thesis nkungodula mutu ndi mchira nkuchitumiza, mkonzi wa jenolo amazindikira pa tsamba loyamba lomwe, ndipo kalata yokana imabwera pepalalo lisanafike nkomwe kwa owunika, akatswiri amene mkonzi amawapempha kuti aone ngati nloyenera kusindikizidwa. Kukana kwa mtundu umenewu amati desk rejection ndipo majenolo akuluakulu amachita zimenezi kwambiri chifukwa mapepala amawachulukira.

Ine ndimati jenolo usankhe usanayambe kulemba, osati utamaliza. Jenolo iliyonse ili ngati anthu amene akhala pansi akukambirana nkhani yawo kwa zaka zambiri, iwe wangofika, sungalowe ndi mawu ako usanamve kuti akunena zotani, anagwirizana pati, akutsutsana pati. American Journal of Sociology inayamba mu 1895 ku University of Chicago, American Sociological Review mu 1936, British Journal of Sociology mu 1950, Current Sociology mu 1952, ndipo African Sociological Review ya bungwe la CODESRIA la ku Dakar inayamba mu 1997. Onsewa ndi a sosholoje koma zokonda zawo nzosiyana, ena amakonda mapepala ataliatali a manambala ochuluka, ena amapereka malo ambiri kwa kafukufuku wocheza ndi anthu maso ndi maso, ndipo pali majenolo enanso a nkhani imodzi yokha monga za mabanja, za maphunziro, za umoyo, za chipembedzo kapena za ntchito. Tsegula tsamba la jenoloyo, werenga pamene alemba cholinga chawo, kenako werenga mapepala amene asindikiza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi, osati ma abstract okha ayi, ndikunena zidule za kumayambiriro kwa pepala, ena uwerenge mpaka kumapeto uone mmene amayambira, mmene amafotokozera njira zawo zofufuzira, kutalika kwa gawo lililonse. Njira ina yosavuta ndi kuyang'ana pa ma reference ako omwe, mndandanda wa mabuku ndi mapepala amene watchula, jenolo imene ikubwera kawirikawiri pamenepo mwina ndi imene pepala lako likulankhula nayo kale. Ukaona kuti pa zonse zimene watchula palibe ngakhale pepala limodzi la mu jenolo imene ukufuna kutumizako, ima kaye uganizenso.

Apa ndi pamene ndikufuna ndichedwepo chifukwa ndi pamene mapepala ambiri amafera. Tiyerekeze munthu wafufuza za anyamata amene amanyamula katundu wa anthu kudzera pa ma app a pafoni. Ambiri amalemba kuti pepalali likufotokoza mavuto amene anyamatawa amakumana nawo, kenako amandandalika mavutowo, malipiro ochepa, ngozi za pamsewu, makasitomala amwano, kumapeto nkunena kuti boma lichitepo kanthu. Zonsezo nzoona ndipo nzomvetsa chisoni koma mkonzi wa jenolo ya sosholoje afunsa kuti nanga ndiye chiyani, izi lipoti la bungwe lililonse likhoza kunena. Tsopano munthu yemweyo ndi deta yomweyo akhoza kufunsa chonchi, mabuku ambiri amati ogwira ntchito amagwirizana nkumenyera ufulu wawo chifukwa amakumana pa malo amodzi tsiku ndi tsiku ndipo bwana wawo amamuona ndi maso, nanga anyamatawa amene alibe fakitale, alibe ofesi, bwana wawo ndi pulogalamu ya kompyuta, amagwirizana bwanji ndipo akakwiya amakwiyira ndani. Mwaona kusiyana kwake Akonzi? Anthu ake omwewo, mawu awo omwewo, koma tsopano pepala likutsutsa kapena kuwonjezera pa chinthu chimene anzako mu ntchitoyi amachikhulupirira, ndipo munthu amene sanafikeko ku mzinda umenewo ali ndi chifukwa chowerengera. Mfundo imeneyi iyenera kuoneka mu abstract ndi m'ndime zoyambirira, osaibisa ku tsamba la 18 ngati kuti ukufuna kudabwitsa munthu. Ngati sungathe kuuza mnzako m'masentensi awiri kuti anthu ankaganiza zakuti koma ine ndapeza zakuti, pepalalo silinapse, usalitumize.

Pali chinthu china chosakoma chimene sindingachibise. Munthu akafufuza ku Chicago kapena ku London owunika ambiri samufunsa chifukwa chimene anasankhira malo amenewo, zotsatira zake amazitenga ngati za anthu onse. Koma wina akafufuza ku Africa, ku Asia kapena ku Latin America funso limabwera msanga kuti dziko limeneli walisankhiranji ndipo zimenezi zikutiuza chiyani ife. Raewyn Connell anailemba bwino nkhaniyi mu buku lake la Southern Theory la mu 2007, kuti nzeru zikuluzikulu za sosholoje zimaoneka ngati zimachokera kumpoto kokha pamene maiko akummwera amangokhala kokatenga deta. Ine zimandipsetsa mtima. Koma kupsa mtima sikusindikiza pepala, nde chimene ndimalangiza ndi kuliyankhiratu funsolo mwamphamvu iwo asanafunse, unene kuti malo anowa akuonetsa chinthu chimene kwanuko sichingaoneke chifukwa cha zakutizakuti. Komanso tisamadere pansi majenolo a m'zigawo zathu ngati kuti ndi a anthu olephera. Webusaiti ya African Journals Online inayamba mu 1998 ndipo ili ndi majenolo mazanamazana, ena ndi amphamvu ndithu ndipo amawerengedwa ndi anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza.

Za malangizo a olemba sinditaya nthawi yambiri, ndingoti awerengeni ndipo atsatireni mpaka kadontho. American Sociological Review salola kupitirira mawu 15,000 ndipo abstract amafuna ya mawu 150 mpaka 200, pamene majenolo ambiri a ku Britain amaima cha pa mawu 8,000. Ukatumiza la mawu 14,000 kumene akufuna 8,000 likubwerera tsiku lomwelo. Ma reference nawo ali ndi kalembedwe kake, ena amafuna ka ASA, ena ka Harvard, ena ka APA, ndipo kuchita zimenezi pamanja ndi kudzizunza chabe pamene pulogalamu ya Zotero ilipo yaulere, umangosankha kalembedwe iyo nkusintha zonse. Koma uonenso ndi maso ako chifukwa pulogalamu imangobwereza zolakwika zimene unailowetsera. Matebulo akhale omveka okha popanda munthu kubwerera m'mawu kukafufuza tanthauzo la chidule china chake.

Chimene ambiri amaiwala ndi kubisa dzina. Majenolo ambiri a sosholoje amawunika mobisa mbali zonse ziwiri, wowunika sadziwa wolemba ndipo wolemba sadziwa wowunika, cholinga chake pepala la mwana wa sukulu ndi la pulofesa wotchuka liweruzidwe ndi muyezo umodzi. Nde kuchotsa dzina pa tsamba loyamba sikokwanira. Dzina lako limakhalanso mkati mwa fayilo ya Word mu ma properties, limakhala mu ndemanga zimene supavaiza anakulembera m'mbali, limakhala pa dzina la fayilo lenilenilo, limakhala pa mawu othokoza pamene watchula yunivesite yako ndi amene anakupatsa ndalama, komanso pamene walemba kuti monga ndinaonetsera mu pepala langa la chaka chakuti. Zonsezi zichoke, zipite pa tsamba lapadera limene mkonzi yekha ndi amene amaliona. Kutumizako masiku ano nkwa pa intaneti, kudzera pa ScholarOne, Editorial Manager kapena Open Journal Systems, ndipo asanakupatse mpata wodina batani lomaliza amakuonetsa PDF imene yapangidwa, itsegule uiwerenge yonse chifukwa pena matebulo amasokonekera kapena zilembo zina zimasanduka timabokosi. Tengeranitu nambala ya ORCID, inayamba mu 2012, ndi yaulere, ili ndi manambala 16 ndipo imathandiza kuti ntchito zako zisasokonezeke ndi za munthu wina wa dzina lofanana ndi lako. Kalata yopita kwa mkonzi ikhale yaifupi, mutu wa pepala, chimene wapeza, chifukwa chake likuyenera jenolo imeneyi, ndi chitsimikizo choti silinasindikizidwe kwina ndipo silili m'manja mwa jenolo ina. Pamenepa musachite chinyengo chonde. Pepala limodzi limapita ku jenolo imodzi pa nthawi imodzi, ndikudziwa kudikira kumawawa koma owunika a nkhani imodzi ndi ochepa ndipo zimatheka munthu yemweyo kulandira pepala lako kuchokera mbali ziwiri, ukagwidwa dzina laipa.

Gawo la njira zofufuzira ndi limene wowunika amaliwerenga ndi pensulo m'manja. Usangoti ndinacheza ndi anthu 40 basi. Unawapeza bwanji, ndani anakulozera kwa ndani, amene anakana anali otani, munacheza chaka chiti, m'chilankhulo chanji, anamasulira ndani, iweyo anthuwo amakuona ngati ndani, wa boma, wa bungwe kapena mnzawo, chifukwa zimenezo zimasintha zimene munthu angakuuze. Ngati ndi za manambala unene kumene deta inachokera, amene anatsala osayankha unachita nawo chiyani, funso lenileni limene anthu anafunsidwa linali lotani. Ndipo pamene kafukufuku wako ali wofooka nena wekha. Anthu amaopa kuti akaulula ndiye adzipha okha, koma wowunika aziona ndithu, bola akupeze utanena kale ndipo wafotokoza chifukwa chake zotsatira zako zikuimabe.

Nkhani ya kuteteza anthu amene unacheza nawo ndiyo imandikhudza kuposa zonse. Chilolezo cha komiti yoona za ethics, yoonetsetsa kuti kafukufuku sakuika anthu pa chiopsezo, chimatengedwa usanayambe kufunsa anthu, osati pepala litatha jenolo itafunsa nambala yake. Ndipo kusintha dzina la munthu sikumubisa. Mu 1958 Arthur Vidich ndi Joseph Bensman anatulutsa buku la Small Town in Mass Society lonena za tauni ina yaing'ono ya ku New York, tauniyo anaipatsa dzina lopeka la Springdale ndipo anthu anawasintha mayina, koma poti anatchula maudindo awo aliyense m'tauniyo anadziwa kuti uyu ndi uje, anthu anakwiya kwambiri mpaka anamunyoza Vidich poyera pa perete wawo wa pa 4 July. Nkhaniyi imaphunzitsidwabe mpaka lero. Ukalemba kuti mayi wina wa zaka 52, namwino wamkulu pa chipatala chokhacho cha m'deralo, wamasiye wa ana atatu, ananena zakuti zokhudza abwana ake, dzina wasintha inde koma wamugulitsa. Masiku ano nzoopsanso kuposa nthawi imeneyo chifukwa pepala likakhala pa intaneti aliyense alipeza pa foni. Dzifunse kuti munthuyu atawerenga, kapena abwana ake, kapena mwamuna wake, chingamuchitikire nchiyani, ndipo zimene sizikuthandiza mfundo yako zichotse.

Za mayina a olemba kambiranani ntchito isanapite patali, ndani akhala woyamba, ndani wachiwiri, chifukwa chiyani. Sibwino munthu kulowa pa pepala chifukwa choti ndi mkulu wa dipatimenti pamene sanawerenge nkomwe, ndipo sibwinonso kusiya kunja munthu amene anachita macheza onse, kumasulira ndi kuthandiza kutanthauzira, nkungomuthokoza m'kamzere kamodzi pansi. Bungwe la COPE, loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, limene linayamba mu 1997 lili ndi malangizo omveka pa mikangano yotereyi ndipo majenolo ambiri amawatsatira. Bungwe lomweli mu 2023 linanenetsa kuti pulogalamu ngati ChatGPT singakhale wolemba pepala chifukwa singayankhe mlandu pa zimene zalembedwa, ndipo amene waigwiritsa ntchito anene poyera. Chenjezo langa apa ndi la ma reference, mapulogalamuwa amatha kupeka dzina la pepala, wolemba, chaka, zonse zooneka bwinobwino koma kulibe. Chimene sunachitsegule ndi kuchiwerenga wekha usachitchule. Komanso majenolo ambiri amadutsitsa mapepala pa pulogalamu ya iThenticate kuona ngati mawu anakopedwa, ngakhale kukopa mawu ako omwe a mu pepala lakale osanena ndi vuto.

Ukatumiza kumatsala kudikira, ndipo ndi miyezi osati masabata. Chifukwa chake nchoti owunika salipidwa, ndi aphunzitsi anzathu amene ali ndi makalasi awo, mapepala awo, ana awo, ndipo mkonzi amatha kupempha anthu ambirimbiri asanapeze awiri kapena atatu ovomera. Nthawi imene jenolo inalonjeza ikadutsa palibe cholakwika kulemba ka imelo kaulemu kufunsa kuti zili pati. Alipo majenolo amene anayamba dala pofuna kufulumizitsa zinthu, monga Sociological Science imene inayamba mu 2014 ndi lonjezo loyankha mkati mwa masiku 30. Podikirapo yamba pepala lina, usamangotsegula tsamba la jenolo m'mawa uliwonse.

Yankho likabwera, kulandiridwa kopanda kusintha kanthu nkosowa kwambiri, musakuyembekezere. Zimene zimabwera kawirikawiri ndi kukanidwa, kapena kalata yoti konzanso nkutumizanso imene timati R&R. Apa nde pamene ambiri amasokonekera, amaona masamba asanu a ndemanga zowawa nkumati basi andikana, kenako amangokhala chete mpaka nthawi yatha. Ayi ndithu! R&R ndi uthenga wabwino, mkonzi akunena kuti pali kanthu apa ndipo ndikufuna ndikaone kachiwiri. Werenga kamodzi, tseka, pita ukachite zina kwa masiku angapo mtima utsike, kenako bwerera ndi tebulo, mbali ino ndemanga iliyonse payokha, mbali inayo chimene wachita ndi tsamba limene wasinthapo. Usadumphe ngakhale imodzi. Yamba ndi kalata ya mkonzi chifukwa iye ndi amene amagamula ndipo nthawi zambiri amakulozera ndemanga zimene akuziona zofunika kwambiri. Sikuti uvomere chilichonse, ngati wowunika walakwitsa kapena akufuna ulembe pepala lina losiyana ndi lako, yankha mwaulemu ndi umboni kuti apa sindinasinthe chifukwa chakuti. Owunika awiri akatsutsana, wina akuti wonjezera wina akuti chotsa, sankha mbali nkufotokozera mkonzi chifukwa chake. Ndipo wowunika akapanda kumvetsa chinthu chimene iwe ukuchiona chophweka, usathamangire kunena kuti sanawerenge, mwina ndi iweyo sunachilembe momveka ndipo owerenga ena adzapunthwa pomwepo.

Kukanidwa kwenikweni nako si imfa ya pepala. Mark Granovetter ali wophunzira ku Harvard anatumiza pepala lake ku American Sociological Review mu 1969 ndipo analikana. Mfundo yake inali yoti nkhani zatsopano, monga za mwayi wa ntchito, zimatifika kwambiri kudzera mwa anthu amene timangodziwana nawo patalipatali kusiyana ndi anzathu apamtima, chifukwa apamtimawo amadziwa zomwe ifenso tikudziwa kale. Sanalitaye, analikonzanso, anachotsa chimango chimene analikulungamo poyamba, ndipo mu 1973 linatuluka mu American Journal of Sociology ndi mutu wa The Strength of Weak Ties, lero ndi limodzi mwa mapepala otchulidwa kwambiri mu sosholoje yonse. Chimene ndimafuna achinyamata aone pa nkhaniyi si choti owunika analakwitsa basi, koma choti mwini wake anabwerera ku pepalalo nkuligwiranso ntchito. Kutenga pepala lokanidwa nkuliponya ku jenolo ina tsiku lomwelo osasintha kanthu ndi kutaya ndemanga zaulere, komanso likhoza kukagweranso m'manja mwa wowunika yemwe uja.

Tsopano za akathyali aja. Imelo imabwera yokutamanda, ati tawerenga ntchito yanu yapamwamba, tumizani pepala tisindikiza mkati mwa sabata imodzi, jenolo yake dzina lalitali la international chakuti chakuti, imasindikiza za sosholoje, za mano, za injiniya ndi za ulimi zonse pamodzi. Jeffrey Beall, wa ku laibulale ya yunivesite ina ku Colorado, ndi amene anawatchula kuti predatory ndipo anasunga mndandanda wawo mpaka anautseka mu January 2017. Mu 2013 mtolankhani wa za sayansi John Bohannon analemba dala pepala labodza lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu nkulitumiza ku majenolo 304, ndipo 157 analilandira, nkhaniyi inatuluka mu Science. Pepala lako likalowa kumeneko latayika, ndalama zapita, jenolo yeniyeni singalitengenso chifukwa latuluka kale, ndipo anthu odziwa akaliona pa CV yako amayamba kukayika ndi zina zomwe. Musanatumize onani ngati jenoloyo ili pa DOAJ, mndandanda wa majenolo otseguka kwa aliyense umene unayamba mu 2003, tsatirani mafunso a pa webusaiti ya Think Check Submit, onani ngati anthu amene alembedwa kuti ndi akonzi akutchuladi jenoloyo pa masamba a mayunivesite awo, funsani wa ku laibulale. Koma ndinenenso chilungamo, mlandu si wa achinyamata okha. Yunivesite ikamakweza anthu pa ntchito pongowerenga chiwerengero cha mapepala osaona kuti atuluka kuti ndipo akunena chiyani, ikuwakankhira yokha kwa akathyaliwo.

Ndalama zisakuopseni kwambiri. Majenolo ambiri odziwika a sosholoje salipiritsa kusindikiza ngati pepala likhala la olembetsa okha, ena amangofuna kandalama kochepa potumiza. Ndalama zambiri zimabwera ukafuna kuti pepala likhale lotseguka kwa aliyense, pamenepo ena amatchula madola masauzande, koma osindikiza ambiri amachotsera kapena kukhululukira ofufuza a m'maiko osauka, umangoyenera kupempha potumiza osati litalandiridwa kale. Palinso majenolo otseguka amene salipiritsa wolemba kapena wowerenga. Ndipo kuyambira 2016 kuli SocArXiv kumene ungaike pepala lako kwaulere anthu nkumawerenga, ungoona kaye malamulo a jenolo yako ngati amalola.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a m'mayunivesite. Ophunzira anu amangoona mapepala anu atatuluka ali osalala, nde amaganiza kuti inu simukanidwa. Atulutsireni makalata okanidwa aja, ndemanga za owunika, ndi mayankho amene munalemba, muwerenge nawo limodzi m'kalasi aone mmene pepala limasinthira kuchokera pa loyamba kufika pa losindikizidwa. Akhazikitsireni timagulu towerengerana mapepala asanatumize, ngakhale anthu anayi okha, chifukwa zolakwika zambiri zimene wowunika amadzazipeza patatha miyezi isanu ndi umodzi mnzako akanaziona tsiku limodzi. Mukalandira pempho lowunika pepala ndipo jenolo ikulola, pemphani chilolezo kwa mkonzi muwunike limodzi ndi wophunzira wanu wa PhD, aone ntchitoyi kuchokera mbali inayo.

Ndipo kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti mwezi uliwonse muzipatula ngakhale theka la tsamba kuti munthu amene pepala lake latuluka mu jenolo azidzafotokoza m'Chichewa chomveka kuti anafunsa chiyani, anapeza chiyani ndipo chimene sanathe kuyankha nchiyani. Anthu amene anapereka nthawi ndi nkhani zawo ambiri sadzatsegula jenolo, koma nyuzipepala yanu amawerenga, ndipo ali ndi ufulu womva kuti mawu awo anakathera kuti komanso wotsutsa ngati wofufuzayo sanawamve bwino. Ngati mungavomere, ine ndili wokonzeka kuthandiza kupeza olemba oyambirira ndi kuwerenga nawo zolemba zawo zisanafike pa desiki yanu.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu, mphunzitsi wa sosholoje